Tsiku Limene Rahima Sananenerere

Alamu anga a Nasoro, ogulitsa nsalu mumsika wa Zomba, ali ndi lamulo limodzi: wogula akavomera mtengo osanenerera, dziwa kuti wapusitsidwa ndiwe. Lamuloli analiiwala tsiku limene anachita malonda ndi mwana wawo yemwe.

Rahima atakhoza bwino Fomu 4, ananena poyera kuti akamaliza ku yunivesite adzalowa usilikali. A Nasoro chakudya chinawakanika. Mwana mmodzi yekhayo, wamkazinso, akaime kutsogolo kwa zipolopolo? Anakalipa, ananyengerera, anaitana ashehe, koma mwana anali nji ngati chitsa cha paini.

Kenako nzeru za mumsika zinawabwerera. Anandiitana ine, malume wake wa mwanayo, kuti ndikhale mboni.

"Chabwino, udzalowe," anatero. "Koma maphunziro ndisankha ine. Za magalimoto ayi, angakakutsekere m'kasinja. Za magetsi ayi, angakakukweze pamtengo adani akuone bwino. Utenge uinjiniya wa misewu ndi milatho. Anzako akamaomberana, iwe uzikasakaniza simenti kumbuyo."

"Ndamva, ababa," anayankha Rahima msangamsanga.

A Nasoro ananditsinzinira diso, n'kulumbira kuti Wallahi, pa nkhaniyi sadzatsegulanso pakamwa.

Dzina lake litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, tinakwera Phiri la Zomba kukasangalala ku damu la Mulunguzi. Panjira tinaima pa anthu ogulitsa zipatso, ndipo tinapezapo a Charles, sajeni wopuma ntchito amene amagula nsalu kwa alamu. A Nasoro sanachedwe kudzitama kuti mwana wawo wofuna usilikali anamusankhira uinjiniya wa misewu ndi milatho.

A Charles anavula chipewa. "Achimwene, ndinu mwamuna. Makolo ena amachita kulira, inu mwamusankhira nokha?"

"Eya! Azikakhala kumbuyo, kuli phee."

"Kumbuyo kwa ndani? Munaonapo mlatho womangidwa anthu atawoloka kale? Ife amfuti tinkabisala m'tchire kudikira mainjiniya amalize. Msewu ukakhala ndi mabomba okwirira, okafukula ndi iwowo, chogwada, ndi manja. Akatikodola, m'pamene ife tinkadzuka."

Jumbo ya mapichesi inawapulumuka a Nasoro. Zipatso zinagubuduzika kutsetsereka ndi msewu, kulowera ku tauni, popanda wozithamangira. Anayang'ana a Charles, anayang'ana ine, kukamwa kuli yasa.

"Rahima! Iwe unkadziwa zimenezi?"

"N'zimene ndinkafuna, ababa. Ndinkasowa poyambira pokuuzani. Ndiye munandisankhira nokha."

"Mesa... mesa za magetsi n'zabwinonso? Alamu, tamuuzeni. Lumbiro lija linali longocheza."

"Ndinalimva ndi makutu onse awiri," ndinatero. "Ndipo pa shopu panu munalemba nokha kuti katundu akagulidwa sabwezedwa."

Palibe anaseka. Munthu wodula mitengo anatidutsa akukankha njinga yodzaza nkhuni, mabuleki akulira. A Nasoro anakhala pansi pamwala wa m'mbali mwa msewu, mkanjo wawo woyera osauganiziranso. Rahima anagwada pafupi nawo, koma iwo maso anali pa sajeni.

"A Charles," anafunsa chapansipansi, "ofukula mabombawo, amabwerako?"

A Charles anatembenuza chipewa m'manja kanthawi.

"Ambiri," anatero.

Apo ngakhale ine nthabwala zinandithera. Ku damu sitinafikeko.