Kapitawo wa m'Kompyuta ya Mayi Estere

Invita ya magetsi a sola itayamba kulira, Mayi Estere anali atalemba mayina 340. Amalume awo a Fanuelo, nkhalamba ya ku chilumba cha Chisi, anakhala pampando kuyambira m'mawa akutchula mmodzimmodzi makolo amene anawoloka nyanja kuchokera ku Mozambiki: uyu anabereka uje, uyu anafera panjira, uyu anakwatiwa kwa Kuntumanji. Wina wowadziwa panalibenso. Kujambulidwa pafoni anakaniratu, koma phokoso la mabatani analikonda, akuti limamveka ngati ntchito.

Kompyutayo inali yamakedzana, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Wansembe wina anawasiyira Mayi Estere zaka makumi atatu zapitazo, ali mlembi wa parishi, ndipo ankaisamala kuposa nkhuku zawo. Madisiketi ena onse osungiramo zolemba anachita chuku chaka cha madzi osefukira. Inatsala imodzi yodzutsira makinawo, yodzaza thothotho ndi kaundula wa ubatizo amene sakanamukhudza. Choncho mayina aja anali m'mutu mwa makina chabe, momwe zonse zimafufutika magetsi akathima. Ankati asindikiza, koma mitambo inaphimba sola tsiku lonse, batire losatha kukoka printa.

"Chikulira n'chiyani, Estere?"

"Moto ukutha, amalume. Tadikirani pang'ono."

Kuti akopere mayinawo pa disiketi, Mayi Estere anayenera kutseka pulogalamu yolembera n'kubwerera kwa kapitawo. Ndilo dzina limene anapatsa kapulogalamu kolandira malamulo, kaja kodikira pa chilembo A kakuphethira. Ukalemba lamulo, kapitawo amayamba wayang'ana ngati ili ntchito yake, monga kukopera ndi kufufuta. Ngati si yake, amakaitana pulogalamu ina pa disiketi n'kuipatsa malo. Malo akachepa, mlendoyo amapondaponda pomwe panali kapitawo, iye n'kungotsala kachidutswa. Mlendo akachoka, kachidutswako kamathamangira ku disiketi kukatenga thupi lonse. Disiketi ikakana, ndiye kuti zathera pomwepo.

Anatseka pulogalamu ija. Disiketi inakukuta, n'kusiya, n'kukukutanso. Mayi Estere anagwira tebulo. Kenako chilembo A chinatulukira.

Analemba lamulo lokopera. Makina anayankha kuti malo palibe. Anafufuta pulogalamu yolembera ija, nayesanso. Malo anaperewerabe, pang'ono chabe, kuperewera kopsetsa mtima. Invita inali ikulira mosalekeza tsopano.

Pa disiketi panatsala chinthu chimodzi chokha choti n'kuchotsa: fayilo ya kapitawo mwiniwake. Mayi Estere ankadziwa bwino lomwe kuti kapitawo akangolowa m'mutu mwa makina amagwira ntchito osayang'ananso kwawo, moti angathe kufufuta ngakhale fayilo yake yomwe. Ankadziwanso kuti magetsi akathima, makinawo sadzapeza wowalandirira malamulo, ndipo disiketi ina yotere sakanaipeza ngakhale ku Zomba. Zinawawawa kwambiri.

"Boti la ku Kachulu lobwerera kwathu silidikira munthu," anatero a Fanuelo, akufufuza ndodo yawo.

Mayi Estere analemba lamulolo pang'onopang'ono, nadina. Kapitawo sanafunse kanthu, anangomvera. Analembanso lokopera. Disiketi inakukuta nthawi yaitali, nyali yake ikuzilala, mpaka panatuluka mzere wonena kuti fayilo imodzi yakoperedwa. Anaitulutsa msangamsanga. Mwana wawo Wisdom anali ndi kachipangizo kowerengera madisiketi kutauni, ndipo mayinawo akanawatulutsa iyeyo. Asanapume n'komwe, galasi la kompyuta linada bii.

A Fanuelo anaima pakhomo, natembenuka.

"Tayatsanso chinthu chakocho. Ndaiwala mmodzi."

"Sichiyakanso, amalume."

"Mawa, dzuwa likawala?"

"Ngakhale mawa."

Nkhalamba ija inayang'ana makina, n'kuyang'ana mwana wa mlongo wake, amene misozi inali italengeza m'maso.

"Ndi Naliwa. Agogo ako enieni, amene anandibereka ine ndi mayi ako."

Mayi Estere anatenga pensulo, nalemba dzinalo pa kapepala ka disiketi.