Njinga ya a Dickson Siimwa Petulo Yekha

"Iyo ndiye ayi, alamu. Iyo ndi ya masisitere."

A Eveles ananena zimenezi ali pamphasa, mutu uli mbee, poti anali atangowameta m'mawa womwewo. Koma a Fraser, mng'ono wa malemu amuna awo, anali atakhala kale pa Vespa yobiriwira ija, akupotokola chiwongolero uku ndi uku ngati pali kumene akupita.

"Ya masisitere ikudzatani m'nyumba ya achimwene?"

"Anabweretsa kuti awakonzere. Matenda ndi amene anawapezerera."

Rozaria, mwana woyamba wa malemuwo, anaima pakhomo la kashedi akungoyang'ana. Bambo ake, a Dickson, anaikidwa Lolemba, ndipo ili linali Lachinayi, tsiku lometa. Mwambo wake ndi wodziwika kwa Chiwalo konse. Mwamuna ndi mkamwini. Munda ndi nyumba ndi za kuchikazi, palibe angazikhudze, koma chimene mwamunayo anagula ndi manja ake abale ake amabwera kudzanyamula. Ndiye anabweradi, a Fraser ndi azakhali a Alesi, matumba opanda kanthu atapinda m'khwapa, maso akadali ofiira ndi maliro.

A Dickson anali okonza njinga zamoto pa Migowi. Thupi litayamba kukana, anasamutsira ntchito kunyumba, n'chifukwa chake m'kashedimo munali njinga zitatu. Vespa ija, ya timatayala ngati mbale, inali yoti sisitere akwere atakhala mwaulemu, miyendo pamodzi, kuchoka kuparishi kukafika kusukulu. Kwa Chiwalo nthawi ya dzinja ingamire pa chithaphwi choyamba. Yachiwiri inali ya alangizi a zaulimi, a Frank, yazitsulo kutsogolo ndi kumbuyo zomangirapo mbewu ndi mabuku, tcheni chake chotsekeredwa kuti matope asalowe. Imeneyo a Fraser anangoona nambala ya boma n'kubweza dzanja ngati agwira mbaula.

Yachitatu ndiyo inali ya mwini nyumba. Yamaha yakalekale, yaitali miyendo ngati kakowa, matayala a mano, mpando wosokedwa ndi ulusi wa thumba. Kukongola ndiye kunalibepo. Koma pa dothi la makande, pamene ngolo zimatitimira ng'ombe n'kumalira, iyo inkangodutsa ikukuwa.

"Basi, nditenga yomweyi," anatero a Fraser. "Anzanga akutuluka ku Chilwa ndi madengu atatuatatu a matemba pa njinga zija zonyezimira za ku Milange, ine ndikadali pa kapalasa."

"Za ku Milange n'za chilimwe," Rozaria anayankha asanafunsidwe. "Mvula ikagwa zimaterereka ngati mlamba."

"Tamumvani mwana wa makaniko," anaseka a Fraser.

A Eveles anakonza chitenje paphewa. "Alamu, tengani wailesi. Tengani masipanala onse, jekete, nsapato, ngakhale bedi mukafuna. Njingayi yokha tisiyireni."

"Muikwera ndani?"

"Ine," anatero Rozaria.

Azakhali a Alesi anawomba m'manja kamodzi, phwa! "Mwana wamkazi wotha msinkhu, kutang'adza pachithuthuthu pakati pa msewu? Mwamuna wake adzachokera kuti? Ndiye zimene ankakuphunzitsa bambo ako kudambo kuja n'zimenezi? Tinkamva, ife, tinkamva."

Ankamvadi. Chaka chonse chathachi a Dickson ankapita naye Rozaria kudambo Lamulungu masana, iwo kumbuyo, mwana kutsogolo, akumukalipira za kilatchi. Anthu ankati bamboyo matenda amulowa m'mutu. Koma iwo ankadziwa chimene ankachita. A Eveles amalandira mankhwala aja otalikitsa moyo kuchipatala cha mishoni ku Phalombe, kamodzi pamwezi, tsiku lake lolembedwa pakhadi. Amuna awo anakana kuyezetsa mpaka madzi atafika m'khosi, koma mkazi wawo sanalole kuti aphonye ngakhale mwezi umodzi. Ankanyamuka awiri pa Yamaha ija, akumauza anthu kuti akukaona kaunjika pa Migowi. Kaunjika wanji wobwera naye chimanjamanja mwezi ndi mwezi? Amayi a pamjigo anazindikira kalekale. Chinsinsi cha kwa Chiwalo chimakhala chinsinsi kwa mwini wake yekha.

Tsiku la pakhadi linali Lachiwiri likudzalo. M'botolo munatsala mibulu yokwana kufika tsiku lomwelo, osapitirira.

"Paja timamva kuti pali maulendo," anatero a Alesi, akuyang'ana a Eveles m'maso. "Ulendo wa mwezi ndi mwezi umenewu ngwa chiyani, mulamu? Nenani pano tonse timve. Mwina tikumverani chisoni."

Rozaria anayang'ana mayi ake. Akanangonena liwu limodzi. Koma liwu limenelo likanatuluka, a Alesi akanalinyamula pamutu kukafika nalo kwawo, kuti mwamva, wavomera yekha, ndi amene watiphera mchimwene wathu. A Eveles anatola kaudzu pamphasa n'kukathyola pakati.

"Palibe ulendo," anatero.

"Ndiye nkhani yatha."

A Fraser anakankhira njinga pabwalo. Anali atabwera ndi kachigubu ka petulo, umboni woti maganizo anali atapanga maliro asanathe. Anathira m'thanki. Kenako, pofuna kuonetsa kuti nawonso amazidziwa, anatsegula kachivindikiro kam'mbali, n'kutenga oyilo pashelefu ya malemu, n'kudzaza kathanki kakang'ono ka pansi pa mpando.

"Mwaona? Izi sizili ngati za ku Milange. Izi zimamwa oyilo payekha, petulo payekha, zimasakaniza zokha m'kati."

Zinali zoona kwa njinga zina zonse za mtundu umenewo, kupatula iyi. Kapampu kosakaniza kanafa Rozaria ali Sitandade 3, ndipo a Dickson anakachotsa n'kutseka paipi yake ndi msomali. Kuyambira pamenepo ankasakaniza okha m'botolo, oyilo kufika pamzere umene anakanda ndi mpeni, n'kukhutchumula, n'kuthira m'thanki yaikulu. Kathanki kam'mbaliko kanali ngati chitsime chopanda chingwe.

"Bambo aang'ono, oyiloyo..."

"Iwe! Ndinayamba kugwira njinga amako asanakuone. Ukaphunzitse anzako a fulaye."

Rozaria anatseka pakamwa. Ndipo atatseka, maganizo ena anamubwerera, okoma ngati nzimbe. Asiyeni. Ikafika pa Nambazo itsokomola, izima, iwo aiyesa chiphakasa, aibweza okha. Anakhala chete dala, manja kumbuyo, mpaka a Fraser anaponda kiki kachitatu, njinga n'kulira. Inatuluka pabwalo a Alesi ali kumbuyo, atakhala cham'mbali, wailesi pamiyendo. Kulira kwa njingayo kunamveka mpaka kuseri kwa minda ya nandolo, kenako zii.

Inabwera Lachisanu masana, itagona chammbali pangolo ya ng'ombe ngati mbuzi yopita kumsika. A Fraser ankatsimphina pambuyo, buluku litang'ambika pabondo, chigongono chili chosupuka. Ana a m'mudzi anali atamva kale, poti nkhani inafika ngolo isanafike. Akuti dzulo lake anangofika nayo kwawo, pafupi pomwepa. Akuti m'mawa anaithamangitsa kupita kunyanja, ndipo atadutsa pa Nambazo tayala lakumbuyo linangouma gwa, iwo n'kuuluka kukagwera m'munda wa mpunga wa eni ake.

"Tengani chinthu chanu," anatero, osalonjera n'komwe. "Achimwene akukana nayo. Kapena alipo wina anaipanga zake, ine sindikudziwa. Ndikanafa ine dzana lomweli taika munthu."

Anaitsitsa, ngolo n'kubwerera. Rozaria mtima unadumpha. Yabwera! Anathamangira m'kashedi, n'kupeza sipanala imodzi imene inagwera kuseri kwa mtondo pamene ankasesa zida zija. Anaponda kiki. Sinatsike. Anaimirirapo ndi thupi lonse, koma inali ngati waponda tsinde la mtengo. Anamasula mutu wa injini n'kusuzumira. Pisitoni inali itamatirira kukhoma, yokandikakandika, yamtundu wa phulusa, ndipo fungo lake linali la mphika wopserera.

Loweruka a Frank, alangizi aja, anabwera kudzapepesa maliro ndi kudzatenga njinga yawo. Rozaria anawakokera kukashedi. Anayang'ana m'injinimo nthawi yaitali, akuyamwa mano.

"Yanoka iyi, mwanawe. Ndani anaiyendetsa youma?"

"Singakonzeke?"

"Amene akanaikonza ndi amene mwaika Lolemba uja. Zitsulo zake mwina ku Limbe, mwinanso ayi, zinasiya kubwera kalekale."

Rozaria analoza njinga ya boma ija. "Nanga yanuyi? Lachiwiri lokha. Amayi ali ndi ulendo wa ku Phalombe."

A Frank anayang'ana kumene kunakhala a Eveles, n'kuyang'ananso pansi. Anamva, sanafunse kuti ulendo wanji. "Ya boma iyi saloleza kukweza munthu. Komanso Lolemba ndikupita ku Mulanje kumaphunziro, sabata ziwiri. Pepa." Anamusisita pamutu wometa uja, n'kuliza njinga yawo, n'kupita. Vespa nayo anabwera akatekisiti tsiku lomwelo n'kuikankha wapansi, nsapato zili m'manja.

Kashedi kanatsala ndi chitsulo chimodzi chakufa. Rozaria anapeza mayi ake kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa, n'kukhala pansi patali pang'ono.

"Amayi, ine ndinkadziwa."

"Chiyani?"

"Za oyilo. Ndinaona akuthira molakwika. Ndinati ingozima aibweze."

Mpeni unaima. A Eveles anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana manja ake akuda bii ndi girizi. Rozaria ankadikira kukalipiridwa, mwinanso khofi, ndipo akanalandira mokondwa. Koma mayi ake anangoyambiranso kusenda.

"Kasambe m'manja," anatero. "Ukapemphe njinga yakapalasa kwa amalume ako."

Lachiwiri kunacha ndi mvula yowaza. Minibasi kwa Chiwalo dzinja lino inasiya kufika, imathera pa Migowi, ndipo pa Yamaha paja ulendo wonsewo unkatha dzuwa lisanatenthe. Pa kapalasa, m'makande, wopalasa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, palibe ankadziwa kuti akafika nthawi yanji. Zenera la mankhwala amatseka masana. Ndipo akakafika lero, mwezi wamawa ulipo, ndi winawo, mvula mpaka Epulo.

A Eveles anakhala pakeliyala, khadi atalikulunga m'pepala la shuga n'kulibisa pachifuwa. Chiyambire maliro sankadya bwino, ndipo anapepuka moti Rozaria ankachita kucheuka kuti aone ngati alipo. Matope ankadzaza m'mafoloko, iye n'kutsika, n'kutokosa ndi kamtengo, n'kukweranso. Asanafike n'komwe pamjigo wa mudzi wachiwiri, anamva njinga ikupendama. Mayi ake anali atatsamira kumanzere, maso otseka, dzanja litasiya mpando.

"Amayi!"

"Chizungulire chabe. Palasa."

Pamjigopo panali amayi anayi, ndipo onse anasiya kupopa. Rozaria anadziwa kuti pofika madzulo nkhani ikhala itazungulira, kuti a Eveles aja akukaonanso kaunjika, koma ulendo uno pa kapalasa. Anaweramitsa mutu kuti adutse msanga. Mmodzi wa amayiwo, wamfupi, mwana wa zaka ngati zinayi atamugwira siketi, anatula ndowa n'kuima pakati pa njira.

"Ima kaye. Si iwe mwana wa a Dickson?"

"Ndine."

"Ine ndine Enelesi, sundidziwa. Ukawagwetsa amakowa mumsewu."

Anamasula chitenje chake chapamwamba, n'kuchikung'untha, n'kuchipinda m'litali. Anachidutsitsa kumsana kwa a Eveles, pansi pa m'khwapa, n'kubweretsa nsonga zake kutsogolo kwa Rozaria.

"Gonekani mutu pamsana pakepa, mayi. Eya, chomwecho." Anayamba kumanga. "Uyu ukumuonayu anatsala pang'ono kundipha, pobadwa anabwera chopingasa. Mvula ngati yomweyi, ngolo inakana. Bambo ako anandimanga chonchi pa njinga yawo mpaka kuchipatala. Amuna anga atapita ndi nkhuku kukathokoza, anaibweza, akuti ikadyedwe ndi wodwala."

Rozaria anafuna kukankhira mfundoyo m'mbali, poti inkamufinya pamchombo. A Enelesi anamumenya kadzanja.

"Isiye pomwepo. Iwo ankaika pamimba pawo dala. Ankati wodwala sanena akamakomoka, imanena ndi mfundo. Ikakukoka, uime."

Anaikoka kawiri kuyesa ngati yalimba, n'kubwerera kukatola ndowa yawo. Rozaria anaika phazi pa pedulo. Mpweya wa mayi ake unkamutentha pakati pa mapewa, ndipo kutsogolo msewu unali wakuda, wonyezimira, wopanda mkwasa wa tayala ngakhale umodzi. Anagwira mfundo ija ndi dzanja limodzi, n'kuisiya, n'kuyamba kupalasa.