Dzina la pa Mgolo wa Vinyo

Ine munthu woseka msanga sindimamukhulupirira, ndipo Zdravko ankaseka nkhani isanathe n'komwe. Tinkagwira limodzi ntchito pa kakampani ka Mayi Rumyana ku Plovdiv, komwe tinalemba kontrakiti, pulogalamu ya pa kompyuta yosunga mayina a alimi a mphesa, mgolo uliwonse wa vinyo ndi mwini wake.

Mgolo wina unalembedwa kuti ndi wa Stoyko, chonsecho unali wa Nedyalka. Ndinakonza, kompyuta n'kundionetsa dzina la Nedyalka. Kutacha, Stoyko ali phee pamalo pake. Ndinakonzanso kawiri, zomwezo. Kenako ndinamva kuti Stoyko ndi malume ake a Zdravko. Makiyi osinthira mayina tinali nawo awiri okha, iye ndi ine.

"Aise, malume ako ali bwanji?" ndinamufunsa akundipatsa banitsa wotentha, mkate wa tchizi umene ankandigulira m'mawa uliwonse.

"Akukalamba. Bwanji, Tsveta, ukufuna akukwatire?" Anaseka mpaka kutsamwa.

Kusekako kunandipweteka mtima. Ndikanatha kuyang'ana mbiri ya kontrakiti kuti ndione amene wakhudza dzinalo, koma ndinaona ngati wakuba ndamugwira kale. Ndinakamunenera kwa Mayi Rumyana. Anamulanda kiyi n'kumuuza kuti ayambe wakhala kunyumba. Tsiku limenelo Zdravko sanaseke.

Lolemba ndinakonzanso. Lachiwiri Stoyko uja ali pomwepo, Zdravko kulibe, kiyi alibe. Ndinaitana Mayi Rumyana.

Mayi Rumyana anakoka mpando n'kuloza mzere umene ndinalemba ndekha m'kontrakitimo. "Tawerenga apa."

"Memory," ndinatero.

"Eya. Ukalemba memory, kompyuta imakopera dzinalo pambali, iwe n'kusintha chokoperacho, ntchito ikatha n'kuchitaya. Chokhalitsa chili mu storage. Stoyko sankabwerera ayi, mwana iwe. Sanachokepo n'komwe."

Tinasintha liwu limodzi lomwelo n'kuika kontrakiti yatsopano, Nedyalka n'kukhazikika. Manyazi anandigwira moti ndinalephera kumuimbira foni Zdravko. Anaimba ndi Mayi Rumyana.

Zdravko anabwera Lachinayi. Anasamutsira desiki yake pafupi ndi zenera, natulutsa m'kapepala banitsa mmodzi yekha.

"Aise, pepa," ndinatero.

Anandiyang'ana mwaulemu wonse. "Mwadzuka bwanji, Mayi Tsveta? Pali dzina lina limene mukufuna ndisaliyandikire?"

Papita miyezi isanu tsopano, ndipo akunditchulabe kuti inu.