Maola Awiri a Lachinayi

"Ungosintha mzere umodzi basi," anatero a Moncef, ataima pakhomo la chipinda. "Si iwe unaphunzira zimenezi ku Tunis?"

Sawsen anatembenukira kwa amalume akewo. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda amayi ake, a Rafika. Pabwalo azimayi ankalankhula monong'ona, timakapu ta khofi tikugundana, ndipo mphepo yotentha ya ku Tozeur inkakankha katani pang'onopang'ono ngati mlendo wamanyazi. Kompyuta ya malemuyo inali pomwe anaisiya, pafupi ndi mbale ya njere za kanjedza.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi, pulogalamu ya pakompyuta imene a Rafika analemba ndiyo inkagawa madzi a m'ngalande kwa alimi a kanjedza: uyu atsegule nthawi yakuti, uyo atseke nthawi yakuti. Tsopano alimiwo anali atapempha Sawsen kuti aigwirizire ntchitoyo.

"Maola awiri a Lachinayi aja ndi a munda wathu," a Moncef anapitiriza. "Amayi ako anangowapatsa a Belgacem, nkhalamba ija, osandifunsa. Mitengo yathu ikuuma. Mlongo wanga anali ndi mtima wabwino, Mulungu amuchitire chifundo, koma kanjedza samwa mtima wabwino."

"Amalume, dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Ndiye dothi lokhalo limene silinaume muno."

Sawsen anakhala pampando wa amayi ake. Unali wotsika, wozolowera thupi lina. Anachotsa maola awiriwo pa dzina la a Belgacem, n'kuyendetsa mayeso oona ngati zonse zili m'malo mwake.

A Rafika sankalemba mayesowo pamanja. Analemba kachidutswa kamodzi kotchedwa makro, kamene kankawerenga ndandanda ya alimi n'kulembera munthu aliyense mayeso akeake. Ankakonda kunena kuti m'chinenero chimene ankalemberamo mapulogalamu, chinthu sichifufutika. Ukachisintha pamabadwa china, chakalecho n'kukhala momwe chinalili. Sawsen ankangoti ndi nkhani za kuntchito.

Mizere yobiriwira inayamba kutsika, uliwonse ndi chiganizo chake. Munda wa a Zohra umwe dzuwa lisanakwere. Ana a Slimane asakumane pangalande tsiku limodzi. Sawsen ankawerenga chamumtima, koma mawu amene ankawamva sanali ake. Anaona ngati amayi ake akuyenda m'minda ija, nsapato zili m'manja, akuitana mabanja onse mayina, madzi akuwatsata pambuyo.

Kenako mzere umodzi unafiira.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Moncef.

"Akukana."

"Akukana ndani? Makina?"

Sawsen anawerenga mokweza: "Mitengo ya a Belgacem isathe masiku asanu ndi atatu osamwa."

A Moncef anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Ndi m'manda momwe akundikanizabe. Fufuta zimenezo."

Kufufuta kunali kosavuta. Sawsen anatsegula ndandanda imene makro ija inkawerenga, chala chili chire. Pambali pa dzina lililonse panali timawu timene amayi ake ankadzilembera okha. Pa a Belgacem panalembedwa kuti: *Mawondo awatha, ana ali ku Marseille. Maolawa achoke pa mizere itatu ya mitengo ya kumapeto, ija bambo anandisiyira ine. Ya achimwene isakhudzidwe.*

"Amalume, mitengo ikuumayo ndi iti?"

A Moncef anati, "Ya kumapeto."

"Yanu bwanji?"

A Moncef anangoyandikira, n'kutulutsa magalasi m'thumba la malaya. "Dzina langa lilipo pamenepo?"

Linalipo. *Achimwene amagona akadya masana. Nthawi yawo iziyamba mochedwerapo ndi theka la ola. Asauzidwe, angakwiye.*

Panja wina anayamba kuwerenga Qur'an motsitsa mawu. A Moncef anawerenga timawuto kawiri.

"Zaka zonsezi ine ndimati ndi mwayi," anatero. "Ndimati ndikadzuka, madzi n'kumafika."

"Ndifufute?"

"Bwezera momwe zinalili, mwanawe. Usakhudze ngakhale kadontho."

Anavula magalasi aja, n'kufunsa komwe mlongo wawo ankasunga ndowa. Sawsen anawaona pawindo akudutsa pakati pa olira, ndowa ziwiri zili m'manja, akulowera njira ya kumizere ya kumapeto.