Uthenga Wotsalira pa Phiri la Nkhonde

Ernest Chilimba anali ndi matenda owerenga masekondi. Akamadikira basi pa Chapeltown Road ku Leeds, milomo yake inkagwedezeka yokha: teni, naini, eyiti. Ketulo ikamawira, chimodzimodzi. Mkazi wake Shirley analankhula mpaka kutopa, kenako anangovomereza kuti anakwatiwa ndi wotchi ya miyendo iwiri. Ntchito yakenso inali yomweyo. Ankakhala m'chipinda chopanda mawindo pa kampani ina yotumiza mapulogalamu a TV, kuonetsetsa kuti ina ikatha, inzake ilowe pa nthawi yake. Mabwana ankamutama kuti saphonya, ndipo iye akamva matamandowo mtima unkamuwawa.

Kusaphonyako anakuphunzira kwawo, pa phiri la Nkhonde. Pamwamba pa phirilo panali kanyumba ka malata ka zipinda ziwiri, mlongoti wachitsulo, ndi jenereta yokonda kudwala nthawi ya dzinja. Imeneyo ndiyo inali TV ya Nkhonde: anthu asanu, kamera imodzi. Tsiku lonse ankangolandira zochokera ku likulu m'tauni n'kuzipititsa kumidzi, ngati anthu opatsirana njerwa pa mzere. Koma likulu linkawabwereka theka la ola, kuyambira hafu sikisi mpaka seveni koloko madzulo, kuti aulutse zawozawo: mitengo ya fodya, ng'ombe zosowa, ndipo kumapeto, mauthenga a maliro. Ikangokwana seveni ankayenera kubwezera kanema ku likulu kuti nkhani za dziko ziyambe. Lamuloli linalibe chisoni. Mukachedwa kamodzi, kalata ya chenjezo. Kachiwiri, theka la ola lija mwalandidwa. Chala chodina batani chinali cha Ernest.

Masiku amenewo foni ya m'manja inali ya mabwana, ndipo kumidzi netiweki kunalibe. Wofedwa ankakwera phiri ndi njinga, kapepala kali m'thumba la malaya. Ma TV anali owerengeka, m'magolosale, m'masukulu a sekondale ndi m'zipatala za mishoni, koma mmodzi akaona, uthenga unkafika kwa mwiniwake usiku usanafike pakati. Wowerenga mauthengawo anali a Sosten, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wa jekete imodzi yabulauni. Munthuyo ankawerenga mwachifatse moti wina akanatha kusenda mbatata pakati pa dzina ndi mudzi. Ernest ankawakodola ndi dzanja kuseri kwa galasi kuti afulumire, koma iwo sankalola kuthamangitsa dzina la munthu wakufa.

Lachitatu lina mu Febuluwale 2003, malungo atavuta, mauthenga anakwana khumi ndi anayi. Womaliza unabwera ndi mwamuna wina dzina lake Ken Matekenya, matope ali mpaka m'mawondo. Mayi ake anali atamwalira m'mawa. Mlongo wake Edwina anali namwino pa chipatala cha mishoni chakutali, ndipo anamwino a kumeneko sankaphonya mauthenga a Nkhonde. Ken ananena kuti maliro adikira mpaka mawa madzulo, kuti Edwina akwere matola a m'mawa n'kudzaona nkhope ya mayi ake.

A Sosten anatola pepala lomalizalo kutatsala masekondi atatu. Anakoka mpweya kuti ayambe. Ernest anadina batani.

Ernest atatuluka panja anapeza Ken ali pakhonde, atagwira njinga yake. Ken anamufunsa ngati uthenga wapita. Ernest anayang'ana matope aja, anayang'ana maso ofiira aja, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu iye asanawaganize.

"Wapita, achimwene."

Anachonga m'buku la mauthenga kuti onse aulutsidwa. Anayesa foni ya pa ofesi, koma ya kuchipatala inali yakufa. Anadziuza kuti mawa apeza nzeru, ndipo mawa litafika maliro anaikidwa. A Sosten sanamunene kwa aliyense. Anangosiya kumupatsa moni wa pakamwa, ankangogwedeza mutu.

Munthu amaganiza kuti akakwera ndege zinthu zotere zimatsala pa bwalo la ndege. Ernest anabwera ku England kudzaphunzira, anapeza ntchito, anabereka ana awiri oyankha Chichewa m'Chingerezi. Koma ola lililonse likamakwana, m'mahedifoni ake ankamva munthu akukoka mpweya. Anasinthitsa mahedifoni katatu. Anyamata a zamagetsi anafufuza mawaya onse osapeza kanthu, mpaka anayamba kumuyang'ana mokayikira.

Kenako, pa chikondwerero cha ufulu cha Amalawi ku Manchester, wina anamudziwitsa kwa mayi wina wamtali, wa imvi zochepa patsogolo, nesi wa ku Middlesbrough. Anati awa ndi mayi Edwina Matekenya. Ernest anagwira dzanja lawo. Pobwerera m'galimoto, Shirley, amene nkhani za anthu sizimudutsa, anamufotokozera zonse. Mayiwo sapita kumudzi. Imfa ya mayi awo anaimva pa kalata patatha milungu iwiri. Iwo amalumbira kuti madzulo amenewo ankaonera TV ndipo sanamve kanthu, koma mchimwene wawo amati anthu a pa siteshoni anamutsimikizira pamaso kuti uthenga wapita. Abale onse anagwirizana kuti Edwina anamva, koma anasankha ntchito kusiya maliro a mayi ake. Akatumiza katundu amabwezedwa. Ngakhale manda sanawaonepo.

Ernest anangoti zomvetsa chisoni, n'kukweza wailesi. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anazemba phwando lililonse, ukwati uliwonse, kumene ankadziwa kuti mayiwo akapezekako. Amalawi anayamba kunena kuti Chilimba wayamba kudzimva.

Chaka chatha TV ya Nkhonde inatsekedwa. Aliyense anali ndi foni tsopano, ndipo maliro ankalengezedwa pa WhatsApp thupi lisanazizire. Emily, amene kale ankagwira kamera, anatumiza katoni ya matepi akale kuti Ernest awasamutsire pa kompyuta, mbiri ya siteshoni isafe ndi chinyezi. Loweruka lina masana Ernest anakhala m'chipinda chapamwamba n'kuyamba ntchitoyo. Anaseka yekha poona mfumu ina ikulankhula kwa kamera mbuzi ikudya waya wa maikolofoni. Anaona tsiku limene mlongoti unakwezedwa, amayi akuvina ndi kululutira. Kenako anatola tepi yolembedwa deti la Lachitatu lija.

Akanatha kuiponya m'bini. Anaigwira nthawi yaitali, mvula ikugogoda pawindo, kenako anaiika m'makina.

A Sosten anaoneka ndi jekete yawo yabulauni, amoyo ndithu, ngakhale anali atagona m'manda zaka khumi ndi zitatu. Anawerenga mauthenga khumi ndi atatu. Anatola pepala lomaliza, anakoka mpweya, ndipo Ernest anatseka maso podziwa kuti apa ndiye pothera. Koma tepiyo inkajambula zochokera ku kamera, osati zopita kumidzi, ndipo kamera sinazimitsidwe. Atatsegula maso anaona kuti kuwala kofiira kosonyeza kuti akuulutsidwa kwazima pankhope pa a Sosten. Mkuluyo anayang'ana kumbali, kumene kunali galasi, ndipo maso awo analunjika mwa Ernest wa ku Leeds. Kenako anawongola pepala lija patebulo n'kuliwerenga lonse, mwachifatse, popanda womva.

Lamlungu Ernest sanapite ku tchalitchi. Anauza Shirley zonse ali chiimire kukhitchini. Shirley anangomupezera adiresi ya mayi Edwina. Ernest anakwera sitima ya ku Middlesbrough, laputopu ili pamiyendo ngati mwana wodwala.

Mayi Edwina anatsegula chitseko ali ndi yunifolomu, atangoweruka kumene. Anadabwa, koma anamulandira n'kumulozera sofa. Iye anakana, nanjuta pafupi ndi khomo.

"Bambo Chilimba, kwagwanji? Is it bad news?"

"Ndabwera ndi uthenga wanu, mayi. Unachedwa m'manja mwanga."

Anaika laputopu pa katebulo n'kudina. Mawu a a Sosten anadzaza m'chipindamo: "Uthenga uwu ukupita kwa Edwina Matekenya, namwino. Mayi anu, a Nachisale, atisiya lero m'mawa. Mukamva uthengawu nyamukani. Maliro akudikira inu."

Mayiwo sanagwedezeke. Anapempha kuti abwereze, ndipo Ernest anabwereza. Kenako anafotokoza za theka la ola lija, za lamulo la seveni koloko, za kamera yosazimitsidwa. Pofotokozapo anamva yekha kuti mawu ake akumveka ngati a munthu wofuna kubisala kuseri kwa lamulo, ndipo anachita manyazi n'kusiya.

"Anadina batani ndani?"

"Ndine."

"Nanga anauza a Ken kuti wapita ndani?"

"Ndinenso."

"Twenty-one years, bambo Chilimba. Ndinafika poganiza kuti mwina ndinatuluka kukatunga madzi, kapena ndinasinza. Ndinayamba kuwakhulupirira abale anga."

Ernest ankayembekeza kutukwanidwa, ndipo mumtima ankakufuna kutukwanidwako, koma mayiwo sanamupatse. Analemba nambala ya foni pa envelopu yakale, anamupatsira osamuyang'ana, n'kukwera masitepe. Ernest anamva madirowa akutsegulidwa pamwamba. Mayiwo atatsika anali atavula yunifolomu, atamanga chitenje m'chiuno ndi duku kumutu, mapazi ali opanda nsapato.

"Uthenga ndaulandira," anatero. "Tulutsani mipandoyi."

Ernest ananyamula mipando umodziumodzi kupita nayo pa kabwalo kakuseri. Sofa inakana kudutsa pakhomo, ndipo anangoiimika kukhoma. Mayi Edwina anakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, msana atatsamira khoma. Ernest anatuluka kukakhala panja, kumene amuna amakhala pamaliro, pa sitepe yonyowa. Kulira kutayamba m'nyumbamo, katani la nyumba yoyandikana linagwedezeka, ndipo galu wina anayamba kuuwa kutali.

Anatulutsa foni n'kulemba nambala ya pa envelopu ija. Inaitana nthawi yaitali. Kenako kunamveka mawu a munthu wokalamba, kumbuyo kwake nkhuku zikulira, akufunsa kuti ndani.

"Bambo Matekenya, ndine munthu uja munamupeza pa phiri la Nkhonde, tsiku la maliro a mayi anu. Kulira mukumvaku ndi kwa mlongo wanu. Uthenga uja sunapite."