Nyimbo Yomwe Inathamangitsa Mcdonald

Noah anali ndi chibwibwi, ndipo pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi ku Chiwalo panalibe amene ankasangalala nacho kuposa Mcdonald, mnyamata wamtali wokhala kumbuyo kwa kalasi. Kuyambira Fomu 1, Noah akangoimirira kuti ayankhe funso, Mcdonald ankayamba kumuyeserera: "A-a-aphunzitsi!" Kalasi yonse inkafa nalo phwete. Tsiku lina anamulanda kope n'kuliponya m'chimbudzi. Noah anafika poopa kupita kusukulu.

Chinamupulumutsa ndi gitala, chifukwa poimba lilime lake silinkakodwa. Ali Fomu 3 anayambitsa bandi yoimba nyimbo zaphokoso za magitala, zonga zomwe ankaonera m'makatuni a ku Japan pa foni ya Kate, mtsikana yemwe ankawaimbira ng'oma. Mwezi usanathe, Mcdonald naye anayambitsa yake. Chopweteka n'chakuti ankaimba bwino zedi.

Kenako kunalengezedwa mpikisano wa mabandi a m'sukulu, wokachitikira ku boma. Sukulu iliyonse inkayenera kutumiza bandi imodzi yokha, ndipo ophunzira ndiwo ankayenera kuisankha Lachisanu.

"A-akandiposanso apa, sukulu ndasiya," Noah anauza Kate, maso ali psuu. "Wandilanda zonse. Ndatsala ndi kuimba kokha."

"Ndiye umugwire pachilonda," anatero Kate. "Bambo ake ali kundende, anaba mbuzi. Iye amanamiza anthu kuti ali ku Mozambiki. Peka nyimbo. Zaka zitatu wakhala akukuseka, naye alaweko."

Lachitatu masana, a Sitima, mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zoimba, anawapeza m'kalasi akuyeserera nyimbo yomwe Noah anapekayo. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anaitanira Noah panja.

"Zomwe mnzakoyu wakhala akukuchita ndikuzidziwa, ndipo ife aphunzitsi tinalakwa kuzilekerera," anatero a Sitima. "Mawa tipite kwa ahedi, aitanidwe, zithe. Koma mlandu wa bambo ake si wake. Komanso nyimbo ikatuluka pakamwa siikhalanso yako, mwana wanga. Sungathe kuiitana kuti ibwerere."

Noah analonjeza kuti saiimba, koma kwa ahedi anakana kupita. Ankaopa kutchedwa wamantha.

Lachisanu bandi ya Mcdonald ndiyo inayamba, ndipo holo yonse inagwedezeka ndi m'manja. Potsika, Mcdonald anadutsa pafupi ndi Noah n'kumunong'oneza: "Ka-ka-kayese, tione."

Noah anapita kutsogolo ndi bandi yake. Anayang'ana Kate, Kate anagwedeza mutu, ng'oma n'kuyamba, Noah n'kuponya nyimbo ija. "Mbuzi ikulira, bambo ali kuti? Ku Mozambiki kuli mawaya?" Pofika kachiwiri, ophunzira onse anali atalowerera, ena akulira ngati mbuzi, akuloza Mcdonald. A Sitima anathamanga kukazimitsa sipika, koma holo inapitiriza yokha. Mcdonald anatulukira khomo lakumbuyo, gitala yake n'kuisiya pabenchi.

Bandi ya Noah inasankhidwa. Lolemba ahedi anaichotsa pampikisano. Tsiku lomwelo Mcdonald sanabwere kusukulu, ndipo mlungu wonse sanaoneke. Mlongo wake Enelesi wa Fomu 1 anapirira masiku atatu akuliridwa "mee" ponseponse, kenako naye anasiya.

Mlungu wachiwiri a Sitima anaitana Noah. Sanamukalipire.

"Mayi ake a Mcdonald anabwera akulira," anatero. "Mcdonald akunyamuka Loweruka kupita ku Mozambiki kukagwira ganyu. Ine ndapitako kawiri, wakana kundimvera. Mwina iwe."

Noah anapalasa njinga mpaka ku Kaduya, kwawo kwa Mcdonald, dzuwa likuswa mtengo. Anamupeza kuseri kwa nyumba akumanga zovala m'thumba la feteleza.

"Wabwera kudzaimba?" anafunsa Mcdonald osadzutsa mutu.

"Ndabwera kudzapepesa. U-usapite, chonde. Ndikaima pa asembule, ndikanena kuti ndinalakwa. Ku boma ipite bandi yako."

Mcdonald anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi manja.

"Ine ndinakulakwira, Noah, ndikudziwa. Ukanaimba za ine, ndikanati ndakolola zomwe ndinafesa. Koma amayi asiya kupita kumsika kukagulitsa mpunga. Kumjigo amakatunga anthu onse atachoka. Enelesi wakulakwira chiyani?"

Noah anagwada pafumbi, akuchonderera mpaka mawu anamuthera. Mcdonald anamudzutsa, koma thumba sanamasule.

"Ngati ukufunadi kukonza, mubweze Enelesi kusukulu. Ine pano sindingathenso kukhala."

Loweruka anapitadi.

Lolemba Noah anaima pa asembule, Kate ali pambali pake, n'kupepesa. Ahedi analengeza kuti aliyense wonyoza mnzake aziitanidwa pamodzi ndi makolo ake, ndipo a Sitima anasankhidwa kuti azilandira madandaulo a ana ovutitsidwa. Enelesi anabwerera patatha milungu itatu. Ku boma sikunapite bandi iliyonse.

Miyezi iwiri itadutsa, Noah akuchokera kuchigayo anapeza tiana toweta ng'ombe m'mbali mwa msewu, kutali ndi sukulu. Tinkaimba nyimbo ija mokondwa, tikumenya zigubu. Anatsika panjinga.

"Siyani nyimbo imeneyo! Mukumudziwa amene mukumuimbayo?"

"Ayi," kanayankha kamodzi. "Koma ndi yokoma."

Atangokwera njinga, tinayambiranso, mokweza kuposa poyamba.

Phunziro: Wovutitsidwa kusukulu akauze aphunzitsi kapena makolo msanga, ndipo akuluakulu asadikire kuti mwana afike potaya mtima. Kubwezera chipongwe kumavulaza ndi osalakwa omwe, ndipo mawu onyoza akafalikira, ngakhale mwini wake sangawabweze.