Mafuta a M'mapapo pa Mbale ya Madzi

Mbale ya wofufuzayo mulabotale inali yoyera, yosaya, yaitali ngati mkono. Anaitsuka, n'kuitsukanso. Anathiramo madzi. Kenako ndi kajakisoni anadonthezapo mafuta a m'mapapo, aja amaletsa mapapo kumatana munthu akatulutsa mpweya. Mafutawo anadziyala okha, osaoneka ndi maso. Kuwala kwa makina kukagunda pamadzipo n'kubwerera, kumaulula mmene tizidutswa ta mafutawo takhalira: choimirira, chogona kapena chothithikana.

Mzindawu unali wachilendo kwa iye. Makinawo anamubwereka lero lokha. Ukaphonya, udikira chaka chamawa.

Foni inanjenjemera patebulo. Madzi ananjenjemera nawo.

"Aise, chotsa chimenecho," anatero mnzake wamagalasi, maso ali pakompyuta. "Pano ngakhale nyerere ikatsokomola timaiona, ndiye iwe foni?"

Anatuluka nayo pakhonde. Anali mlamu wake, mkulu wa mkazi wake.

"Alamu, mwana wabadwa, masiku osakwana. Ali m'kabokosi kotenthetsera ana kuchipatala, kupuma kukuvuta. Amuthira mankhwala m'mapapo ndi kapaipi."

"Ndi mafuta a m'mapapo amenewo. Ochuluka bwanji? Ochokera ku ng'ombe kapena ku nkhumba?"



"Zimenezo mukufunsa ine? Osafunsa n'komwe za mkazi wanu? Iyeyo akungoyang'ana kuchitseko. Sitima yamasana ilipo. Mukwera?"

"Ndiona."

"Muona chiyani, bambo a mwana?"

Anafufuza mumtima. Munalibe mantha, munalibe chimwemwe. Munangokhala ngati m'chipinda chomwe anthu asamukamo.

Anabwerera. Chitseko cha makina chinali chitatsekedwa kale, getsi lofiira likuyaka. Pakanema, timipiringidzo tiwiri tinkafinya mafuta aja pang'onopang'ono, monga chimachitira chifuwa potulutsa mpweya. Mzere unakwera pakompyuta. Unakwerabe. Sunathyoke.

"Taona kukongola!" anakuwa wamagalasi uja. "Zaka zonsezi tikuufunafuna mzere umenewu! Iwe, seka, mano sagula."

Iye anangoti maso tong'o. Mzere ngati mzere.

"Mabotolo otsala ali mufiriji," anatero. "Uyambe ndi la chivindikiro chobiriwira. Mbale uziitsuka wekha, osakhudza m'kati."

"Nanga iwe? Ntchito ndi yako iyi, ine ndimangodina mabatani."

"Uzidina."

Anatenga jekete. Panja panali dzuwa, magalimoto, mayi akukolopa pakhomo la sitolo, thovu likutsikira mumsewu. Anadumpha thovulo. Kusiteshoni anaima pamzere, n'kutchula kumene akupita. Wogulitsa matikiti sanamuyang'ane kumaso, anayang'ana manja. Magolovesi a mphira anali akadali m'manja.